Uchi wathu si wa ku Majete

Ogula a ku Blantyre akamva kuti uchi ndi wa ku Chikwawa, amafunsa chimodzi: "Ndi wa ku Majete?" Kuyambira 2003, pomwe bungwe losamalira nyama zakutchire la African Parks lidayamba kuyendetsa nkhalangoyo, dzinali limagulitsa katundu. Ife alimi a njuchi timayankha kuti ayi. Njuchi zimadya mkati mwa makilomita awiri kapena atatu kuchokera pamng'oma, ndipo ming'oma yathu ili kumudzi. Zimadalira msangu wa m'minda, masau, mthethe wa m'mbali mwa mitsinje, ndi mitengo ya kumanda yomwe palibe amayerekeza kuigwetsa.

Timagwiritsa ntchito ming'oma ya timatabwa pamwamba. Kathabwa kalikonse kakhale mamilimita 32 m'lifupi. Mukalakwitsa, njuchi zimamanga zisa mopingasa ndipo pokolola mumaphwanya ana a njuchi. Timapaka phula pakati pa kathabwa kuti njuchi zilowe, n'kupachika mng'oma ndi waya mofika m'chiuno, kuopa chiuli. Wayayo timaupaka girisi chifukwa linthumbu likalowa, njuchi zimasamuka usiku umodzi.

Mdani wamkulu kuno ku Chigwa cha Shire ndi dzuwa. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, phula limafewa, zisa zolemera n'kugwera pansi. Mng'oma wopanda mthunzi wa masana ndi ndalama yotaya. Pafupi timaika beseni la madzi lokhala ndi miyala kuti njuchi zisamire. Mdani winanso ndi mankhwala a thonje: alimi oyandikana nafe timawapempha kupopera madzulo, njuchi zitabwerera. Timakolola zisa zokhazo zomwe njuchi zamata ndi phula, poti uchi wake ndi wokhwima. Uchi wosakhwima uli ndi madzi ambiri ndipo umasasa m'botolo.

Phindu likapezeka, mkangano umakhala pa mitengo. Mbande zonse tibzale kuno? Komatu madzi amene adatikokolola mu Januwale 2015, pa namondwe Ana mu 2022 ndi pa Freddy mu 2023 sadagwe pamudzi pathu pokha. Amatsika kuchokera ku mapiri a Mwanza, Thyolo ndi Mulanje, kudzera m'mitsinje ya Mwanza, Ruo ndi Shire, atanyamula mchenga wa m'malo omwe makala adamaliza mitengo. Mapiri amenewo njuchi zathu sizidzafikako, koma akakhala mbee, ming'oma yathu ndi imene imayandama.

Tidagwirizana kuti mbande ziwiri mwa zitatu zitsale kuno, imodzi ipite kwa alimi a kumtunda omwe timawagula phula. Ena mwa ife amati ndi zochuluka, ndipo mwina akunena zoona, poti za kumtundazo sitingaziyang'anire.

Msangu ndi wovuta kunazale. Njere zake timazikanda pang'ono n'kuziviika usiku wonse, apo ayi sizimera. Muzu wake umathamangira pansi, choncho timasuntha machubu sabata iliyonse kuti usaloze m'nthaka. Tikawokera ndi mvula yoyamba, mbande iliyonse timaitchinga ndi minga, chifukwa mbuzi za kuno sizisiya kanthu.