Nsapato, zapato

Tulo sitikubwera, ndiye bola ndilembe.

Mwana uja wa ku Colombia wayankhula lero. Ali ndi zaka 6, ndipo chibwerereni m'kalasi mwathu kuno ku London, masabata 7 apitawo, amangogwedeza mutu basi. Anzanga akuntchito amati ndisadandaule, ana obwera kumene amakhala duu miyezi ingapo kwinaku akumvetsera. Komabe mtima unkandiwawa ndikamuona pa nthawi yopuma ataima yekha kukhoma, manja m'matumba a jekete.

Ndiye masana chingwe cha nsapato yake chinamasuka. Ndinagwada kuti ndimumange, n'kungodziyankhulira m'Chichewa, "Iwe, nsapato izi zikugwetsa." Anandiyang'anitsitsa, n'kuloza phazi lake. "Zapato," anatero, motsitsa kwambiri.

Thupi langa lonse linachita tsemwe. Mawu akuti nsapato tinawatenga kwa Apwitikizi, ndipo Chipwitikizi ndi Chisipanishi n'zapachibale. Ndinayesa "kalata", iye "carta". Ndinati "mbatata", anaseka mpaka kuonetsa mpata wa dzino lomwe lagweluka. Kenako m'pamene ndinamuuza kuti shoe, iye n'kubwereza kawiri.

Lilime lake ndimalimvetsa. School amati "eschool", chifukwa m'Chisipanishi mawu sayamba ndi s wotsatana ndi chilembo ngati k kapena t. Ife si paja tinapanga "sukulu" ndi "sitolo"? Mavawelo awo ndi 5 ngati athu, ndiye ship ndi sheep kwa iye n'chimodzimodzi, monga zinalili kwa ine ndili Sitandade 5 ku Dedza, pomwe ukayankhula Chichewa m'kalasi unkapatsidwa chibalo.

Koma chomwe chandisowetsa tulo ndi mayi ake. Anabwera kudzamutenga atavala yunifolomu ya ntchito yokolopa m'maofesi, maso ofiira ndi kutopa. Analemba pafoni, foni n'kumasulira: kodi asiye kumuyankhula Chisipanishi kunyumba kuti Chingelezi chigwire msanga? Ndinakana ndi mutu, ndi manja omwe. Ndinalemba kuti ayi mayi, muzimuyankhula, muzimuimbira, Chingelezi tisiyireni ife.

Anandigwira dzanja kuthokoza.

M'basi yochokera ku Elephant and Castle, dera lina la kuno ku London, ndinangoti zii. Mwana wanga yemwe, wa zaka 11, agogo ake akaimba pa WhatsApp amangoti "ndili bwino" n'kundibwezera foni. Ndine ndinasiya kumuyankhula Chichewa atayamba sukulu, poopa kuti atsalira. Panopa ali m'chipindamu, wagona. Nsapato zake zili pakhomopo, ndakhala ndikuziyang'ana.