Alamu anatumiza kamera, kamera inaliza alamu

Mbuzi yachitatu itasowa m'khola, ndinaimbira foni alamu anga a ku Joni. Sindinkapempha kanthu ayi, ndinkangofuna munthu wondiuza kuti pepani. Koma alamu angawo ndi aja okonda kukuonetsa kuti kunja kuli zinthu. Anati, "Alamu, mpaka lero mukulondera mbuzi ndi tochi? Dikirani." Patatha masabata atatu ndinakalandira katoni pa Kamuzu Road, n'kuimangirira panjinga yamoto kubwerera kwathu kwa Maganga, mbali ya msewu wa ku Senga Bay.

M'katonimo munali kamera yaikulu ngati papaya, chingwe cha mamita 30, kabokosi kakuda kolembedwa kuti PoE, ndi kabuku ka Chingerezi ndi Chitchaina. Pa WhatsApp alamu anafotokoza kuti kamera imeneyi siona kuwala, imaona kutentha. Chilichonse chamagazi, kaya munthu, fisi kapena mbuzi, chimaoneka mbee ngakhale mumdima wandiweyani. Anawonjezera kuti ndipeze munthu wodziwa kuti andiikire. Mnyamata wokonza mafoni pa Kamuzu Road anatchula K40,000. Ndinamuseka. Ine amene ndinalumikiza ndekha sola ya apongozi, ndilipire mtengo wa kamwana ka mbuzi chifukwa cha zomangira zinayi?

Choyamba kundidabwitsa chinali diso lake. Silinali loonekera mkati ngati la kamera ya foni, linali lakuda, lonyezimira ngati pansi pa sefuliya yatsopano. Ndinadziwa ndithu kuti chimenechi ndi chivindikiro. Ndinayesa ndi chikhadabo, sichinatheke. Ndikutenga mpeni wosendera mbatata, mwana wanga wamkazi, wa Fomu 3, anandigwira dzanja.

"Adadi, limenelo ndiye diso lake. Kabukuka kakuti amapangira chinthu chotchedwa germanium, osati galasi, chifukwa kutentha kumene kamerayi imaona sikudutsa pagalasi wamba."

Ndinati ndimadziwa, ndimangochotsa fumbi. Mawu akewo analowera khutu ili n'kutulukira linali, ndipo muona kumene anakandipeza.

Kenaka nkhani ya intaneti. Ka MiFi kathu kalibe bowo lolowetsa chingwe, ndiye ndinabwereranso kutauni kukagula rauta yolowa SIM khadi yokhala ndi mabowo kumbuyo. Apa K40,000 ija inali itapitirira kale, koma sindinauze munthu. Chinandisangalatsa n'choti chingwe chimodzi chomwecho chimanyamula magetsi kupita ku kamera n'kubweretsanso zithunzi, bola chisapitirire mamita 100. Chingwe cha kamera chimalowa m'kabokosi kakuda kaja, china n'kuchoka m'kabokosimo kupita ku rauta. Ndinalumikiza, timagetsi tinayamba kuphethira, wobiriwira uku wachikasu uku. Ndinatsegula foni. Zii. Ndinazula n'kulumikizanso. Zii. Ndinauzira mpweya kumapeto kwa chingwe monga tinkachitira ndi makaseti. Mayi akunyumba ankangodutsa ndi lichero osanena kanthu, ndipo amene ali pabanja akudziwa kuti kusanena kanthu kumeneko kumapweteka kuposa mawu.

Tsiku lachiwiri mwana uja anabwereka laputopu kwa msuweni wake. Anapeza kuti kamera inabwera ndi adiresi yakeyake, 192.168.1.64, pamene rauta yanga inali pa 192.168.8.1. Anandifotokozera ngati akufotokozera mwana wa ku mkaka: kamera ikukhala m'mudzi wa nambala 1, rauta ndi foni yanga zikukhala m'mudzi wa nambala 8, ndipo wamtokoma wa m'mudzi uno sadziwa njira ya mudzi winawo. Anaiuza kamera kuti izilandira adiresi kuchokera kwa rauta, ngati mlendo wopatsidwa malo ndi amfumu. Kenaka inafuna pasiwedi. Ndinalemba 1234, inakana. Ndinalemba mbuzi, inakana. Ndinalemba mbuzizanga, inakanabe, akuti pafunika zilembo zosachepera zisanu ndi zitatu, zazikulu ndi zazing'ono, kusakaniza ndi manambala. Tinagwirizana zolemba dzina la tonde wathu ndi chaka cha ukwati wathu. Chakacho ndinachita kufunsa kukhitchini. Yankho linabwera, koma linabwera ndi zina zomwe sindinafunse.

Chithunzi chitatulukira pafoni, ndinaiwala mavuto onse. Nyumba yonse inali yotuwa ngati phulusa, koma kapu ya tiyi patebulo inali kuwala ngati mwezi. Mphaka anadutsa ali mbee, ndipo pamene anagona panatsala chithunzi chake pamkeka iye atachoka kale. Ndinagunditsa chikhatho pakhoma n'kuchichotsa: zala zisanu zinatsala pakhomapo, zikuzilala pang'onopang'ono. Ndinachita zimenezi kasanu ndi kawiri. Pakapita kanthawi kamerayo inkalira kuti "tche", chithunzi n'kuima pang'ono. Mayi anati muli nalimata. Mwana anati ndi kachitseko ka mkati kamene kamatseka kuti kamera idziwongole. Ine ndinagwirizana ndi mwana, ngakhale mumtima ndinali mbali ya nalimata.

Tsopano poika. Kabuku kanajambula kamera ili panja, pansi pa denga. Apa ndi pamene nzeru zanga zinagwira ntchito. Munthu wonyamula mbuzi yamoyo, yolira, usiku, angalephere kumasula papaya wa ku Joni? Ndinaganiza zoiika m'nyumba, pabalaza, pamwamba pa kabati, diso litaloza pawindo loyang'ana kukhola. Windo lathu ndi lagalasi loyera bwino, ndinalipukutanso ndi nyuzipepala. Ndinamaliza cha m'ma 9 koloko, mwana atagona, bandulo itatha. Ndinati ndiona mawa.

Amene anagonapo ku Salima mu Okutobala akudziwa kuti tulo sitibwera, munthu amangotembenuzika ngati usipa pathandala. Cha m'ma 1 koloko ndinakumbukira kuti m'nyumba momwemo foni imalankhula ndi kamera kudzera pa rauta, bandulo kaya ilipo kaya palibe. Ndinadzuka ndi kabudula yekha, osayatsa getsi, n'kukaima pabalaza kumbuyo kwa kabati. Ndinatsegula foni.

Khola silinkaoneka. Mbuzi sizinkaoneka. Koma pakati penipeni pa chithunzi panaima munthu. Woyera mbee, wopanda malaya, wamimba yaikulu, ali chiimire kuyang'ana nyumba yanga, m'manja atagwira kanthu.

Malovu anauma. Ndinasuzumira pawindo ndi maso angawa: mdima wokhawokha. Ndinayang'ananso pafoni: munthu uja wasendera pafupi, ngati akusuzumira. Ndinanyonyomala. Nayenso ananyonyomala. Ndinati uyu ndi katswiri. Ndinakwawa kukatenga mpini wa khasu kuseri kwa chitseko, ndipo pobwerera ndinapeza nayenso waweramuka, dzanja lili m'mwamba ngati wanyamula chida. Apa sindinadikirenso.

"Wakubaaa! Wakuba kunooo!"

Mayi anatulukira ndi munsi. Nditawaonetsa foni, akuba anali awiri, wachiwiriyo wamfupi koma wooneka waukali kuposa woyamba. Mayi anakuwa mokweza kuposa ine. Agalu a mudzi wonse anayankha. Pasanathe mphindi khumi achitetezo a m'mudzi anali atazungulira khola ndi zibonga, matochi ndi wezulo. Anaunika paliponse, mpaka m'chimbudzi ndi mumtengo wa mango. Anapeza mbuzi zisanu ndi imodzi zili gone, zikubzikula, zikuwayang'ana ngati zikufunsa kuti kwagwanji.

"Kulibe munthu kuno, bambo," anatero wapampando wa achitetezo.

"Alipo! Bwerani mudzaone nokha!"

Analowa atatu. Pafoni akuba anakwana asanu. Analowa ena awiri, akuba asanu ndi awiri, ataunjikana, mitu pamodzi, ngati akupangana. Mnyamata wina anathamangira panja kukaunika pomwe anaimapo, n'kubwerako akunjenjemera: palibe ngakhale phazi. Pamene anatuluka, akuba anachepa ndi mmodzi. Atalowa, anakwananso. Palibe amene anaziganizira zimenezo, poti aliyense anali kalikiliki kuchita mantha.

Agogo ena oyandikana nafe, amene anabwera atafunda chitenje chokha, anayang'ana foniyo nthawi yaitali n'kupukusa mutu. "Ana inu, amenewa si akuba. Maso sakuwaona koma makina akuwaona. Mukuti ndi ndani?" M'nyumba munagwa bata. Mkulu wa mpingo anayambitsa pemphero, manja m'mwamba. Pafoni, mmodzi wa afitiwo anakwezanso manja. "Akutinyoza!" anatero wina. Pempherolo linakwera giya. Wapampando anayamba kufunsa ngati ndinakanganapo ndi munthu pa nkhani ya malire a munda, ndipo ine, Mulungu andikhululukire, ndinali nditayamba kale kutchula maina mumtima.

Amene anatipulumutsa ndi mayi akunyumba. Analanda foni, n'kuiyandikiza kumaso, n'kukulitsa chithunzi ndi zala ziwiri. Anayang'ana foni, anayang'ana ine, anayang'ananso foni.

"Bambo, tatembenukani cham'mbali."

Ndinatembenuka. Mfiti yaikulu inatembenuka.

"Mimba iyi ndikuidziwa ine. Ndakhala ndikuiphikira zaka 19."

Mwana uja anali ataima pakhomo la kuchipinda, akuyasamula. Sananene zambiri. Anangopita pawindo n'kulitsegula. Pomwepo afiti onse anazimiririka, ndipo pafoni panaoneka khola, mbuzi zisanu ndi imodzi zili mbee, ndi galu wa aneba akukodzera mtengo. Galasi silidutsitsa kutentha kumene kamerayo imaona, limangokubweza ngati kalilole. Usiku wonsewo kamera inkajambula ife tomwe. Mkulu wa mpingo anamaliza ndi "Amen" wapansipansi. Agogo aja anati ngakhale zili choncho, galasi lotere si labwino kukhala nalo m'nyumba. Ndinaphikitsa tiyi wa anthu khumi ndi mmodzi 2 koloko usiku, shuga wa mwezi wonse n'kuthera pomwepo. Mpaka lero anyamata a kabaza pa siteji akandiona amakuwa "Wakubaaa!" n'kugwira mimba.

M'mawa mwake ndinaikhomera panja pansi pa denga, monga kabuku kananenera poyamba paja. Mwana anajambula mzere pachithunzi kutsogolo kwa khola, kuti chamoyo chikaudutsa kamera izilira. Nthawi yolondera ndinaika ndekha, pofuna kubwezeretsa ulemu: kuyambira 10 koloko usiku mpaka 5 koloko m'mawa. Chimene sindinaone n'choti wotchi ya kamerayo inali idakali pa nthawi ya ku China, yomwe ili patsogolo pa yathu ndi maola asanu ndi limodzi. Ndiye mlonda wanga ankayamba ntchito 4 koloko madzulo n'kuweruka 11 koloko usiku, nthawi yeniyeni imene akuba amamanga nsapato.

Tinazidziwa Loweruka, apongozi anga aakazi atafika kuchokera ku Khombedza cha m'ma 5 koloko, dengu la ufa wa kondowole lili pamutu. Anadzera kukhola kuti aone mbuzi monga amachitira nthawi zonse. Atangoponda mzere wosaoneka uja, alamu inalira ngati ambulansi, getsi likuthwanima, kenaka mawu a mzimayi wachizungu kuwauza kuti achoke pamalopo. Dengu linapita uko, apongozi uko. Nditathamanga kukawadzutsa, ali mbuu ndi ufa, anangoti, "Akamwini, ngati simufuna alendo mumangonena." Ndinayesa kufotokoza za China. Zinangoipiraipira.

Wotchi tinaikonza Lachiwiri, ndipo kuyambira pamenepo mbuzi sinasowenso. Kaya ndi kamera, kaya akuba anamva kuti pakhomo pano pali afiti asanu ndi awiri, ine sindifunsa.

Sabata yatha ndinapita kukaonera mpira ku Senga Bay, ndipo mpira utatha panali zina zoti tikambirane ndi anzanga. Pobwerera ndinazimitsa njinga kumsewu n'kuikankha mwakachetechete mpaka pakhonde, kuzemba mzere wa kukhola uja mwaluso. M'mawa mayi anafunsa kuti ndinafika nthawi yanji. Ndinati cha m'ma 9, munali mutagona. Anatulutsa foni yawo. Sindinkadziwa kuti mwana anawaikiranso. Pachithunzi panali munthu wamimba yodziwika uja, akunyang'ama, akukankha njinga imene injini yake inali kuwala ngati ng'anjo ya njerwa. Pakona panalembedwa 01:40.

"Imeneyo ndi nthawi ya ku China," ndinatero. "Mukachotsa maola asanu ndi limodzi, ndiye kuti ndinafika isanakwane n'komwe 8."

"Tinakonza Lachiwiri, bambo. Munagwira makwerero ndinu."

Madzulo ake ndinayesa kulowa kuti ndione ngati chithunzicho chingafufutike. Yakana. Pasiwedi anasintha. Akuti ndi yosavuta, dzina la tonde lomwe lija ndi tsiku lawo lobadwa.