Mausiku atatu ndikudina batani ku Suzhou

Ntchito imene ndinagwira sabata yathayi ukaimva imaoneka yophweka: kukhala m'kachipinda ka kumbuyo kwa holo, kompyuta patsogolo, n'kumadina batani kuti mawu a Chingelezi aoneke pa masikirini a m'mbali mwa siteji woimba akafika pa mzere wake. Masiku ambiri kuno ku Suzhou, mzinda wa ku China, ndimamasulira za malonda, za makina ndi makontena. Koma gulu lina la Kunqu, zisudzo zakale zoimba za ku China, linkayembekezera alendo akunja ambiri, ndiye linafuna munthu womva Chitchaina amene angakhale maola atatu osasinza. Sewero lake linali The Peony Pavilion, limene Tang Xianzu analemba mu 1598. Lonse lili ndi zigawo 55, koma iwo anatsata njira imene inatchuka kuyambira mu 2004, pamene mlembi wina, Pai Hsien-yung, ndi anzake analidula kufika zigawo 27 n'kuligawa mausiku atatu.

Lolemba linatha ndi mapepala. Chilankhulo cha m'nyimbozi si chimene timagulira masamba kumsika, ndi ndakatulo zakale, moti eni dziko nawonso amawerenga mawu a Chitchaina pa sikirini kuti atsatire. Ochita nthabwala ena amalankhula cha ku Suzhou komweko, chimene ine ndimangomva apa ndi apo.

Lachiwiri poyeserera ndinapita kukakhala pafupi ndi woimba ng'oma, bambo wachikulire amene aliyense amangomutchula kuti aphunzitsi. Dzanja lina amamenyera kang'oma kouma mawu, dzanja lina wagwira timatabwa togundanitsa. Ndinawafunsa kuti, "Aphunzitsi, ndizidziwa bwanji kuti mzere watha?" Iwo anati ndisamadikire kuti ndimve mawu, ndizimvera timatabwato. Mu Kunqu liwu limodzi woimba amalikoka, kulikweza, kulitsitsa, chitoliro cha nsungwi chikumuperekeza, mpaka iwe womvera kuiwala kuti linayamba bwanji. Kaimbidwe kameneka anakakonza ndi Wei Liangfu m'zaka za m'ma 1500, kuchokera ku nyimbo za ku Kunshan, kufupi ndi kuno. Woyang'anira oimba wonyamula ndodo ngati wa kwaya palibe. Wang'oma amayang'ana wosewera, wosewera amamvera wang'oma. Amene anaonapo woimba mbalule akutsata mapazi a Gule Wamkulu sangavutike kumva zimenezi, ndipo UNESCO inalemekeza zonse ziwiri moyandikana, Kunqu mu 2001, Gule mu 2005.

Lachitatu tinakangana ndi amene anamasulira seweroli, mayi wophunzira kwambiri. Anamasulira bwino, ndipo vuto linali lomwelo: sanafune kusiya kanthu, mzere uliwonse unali ndi mchira wofotokoza. Ine ndinali nditaona kale zimene zimachitika. Mlendo maso ake amakakamira pa sikirini, akatha kuwerenga amadikira mzere wina, pamene wosewera pa siteji waponya kale manja a malaya ake, nsalu zoyera zazitali zija, wazibweza pa mkono mwa kugwedeza kamodzi, wabisa nkhope. Kulira kwa mtsikana wa m'seweroli kuli m'nsaluzo. Siteji ya Kunqu mwamwambo imakhala ndi tebulo ndi mipando iwiri basi. Munthu akanyamula chikwapu ndiye kuti wakwera hatchi, akagwira nkhafi ali m'bwato. Ukaphonya dzanja waphonya nkhani. Tinamvana kuti m'nyimbo zazikulu tidule mizere, ndipo mawu akawerengeka ndizizimitsa sikirini mpaka mzere wotsatira. Mayiwo anavomera, koma nkhope inaonetsa kuti mtima sunavomere.

Lachinayi ndinalowa ku chipinda chovalira. Kudzola kokha kumatenga maola. Amamanga mutu ndi lamba wansalu mothinitsa kuti maso ndi nsidze zikokekere m'mwamba, kenako amamata timizere ta tsitsi pamphumi ndi m'masaya. Mtsikana wina wongoyamba kumene anandiuza kuti lambayo amapweteka mutu mpaka kuchititsa nseru. Ndi mmene amaimbira maola atatu akumwetulira.

Usiku woyamba, Lachisanu, holo inadzaza. Du Liniang, mwana wamkazi wa bwanamkubwa Du Bao, amalowa m'munda wamaluwa umene makolo ake sanafune kuti aziupondamo, amagona, amalota mnyamata wanyamula nthambi ya msondodzi. Podzuka palibe. Amabwerera kukafuna malotowo, amadwala, amadzijambula chithunzi, amamwalira. Nkhani ya maola atatu ndi imeneyo, ndakufotokozerani m'mizere itatu. Pa nthawi yopumula alendo ena ananyamuka osabwereranso, ndipo sindiwanena. Ola loyamba ndi lolemera, thupi limakana liwiro limeneli. Chimene ndimanena ndi chakuti amachoka pamene zatsala pang'ono kutheka. Penapake m'ola lachiwiri munthu umasiya kufunsa kuti kenako chichitike n'chiyani. Ndinaziona pa chala changa chomwe, chinasiya kuthamangira batani.

Loweruka ndiye usiku wokoma kwa ongoyamba. Kuli bwalo la milandu la kwa akufa, woweruza wopakidwa nkhope yonse, ziwanda zikudumphadumpha, ng'oma ndi zitsulo zikusokosera. Kumeneko batani limathamanga chifukwa amalankhula mofulumira, ndipo nthabwala mawu ake akatuluka msanga omvera amaseka wosewera asanatsegule pakamwa. Mnyamata uja, Liu Mengmei, amatola chithunzi, mzimu wa mtsikana umamuyendera usiku, mpaka iye amafukula manda mtsikanayo n'kudzuka, patatha zaka zitatu.

Lamulungu anthu anachepa, koma otsalawo anali atadziwana, akugawana tiyi wa m'mafulasiki. Agogo ena a kutsogolo ankamenya bondo ndi zala motsata timatabwa, milomo ikuyenda, maso otseka, osasowa sikirini ya chilankhulo chilichonse. Ambiri amati gawo lachitatu n'lozizira poti ndi la nkhondo ndi milandu. Ine sindikuvomereza. Du Bao amakana kuti mwana wake ali moyo, amamanga mkamwini ngati wakuba m'manda n'kulamula kuti akwapulidwe, ngakhale mnyamatayo wapambana onse pa mayeso a boma, ndipo nkhani imakathera kwa mfumu yaikulu. Wobwera usiku umenewu wokha amaona nkhalamba youma mutu. Amene anakhalapo Lachisanu amakumbukira kuti mwana ameneyu makolo ake anamulira ndi kumuika m'manda, ndipo kukana kwa bamboyo kumamveka.

Titatha, woyang'anira gulu anandifunsa ngati ndingabwerenso akamapita ku Shanghai. Ndinavomera, koma ndinapempha kuti mizere idulidwe tisanayambe kuyeserera, komanso kuti poyeserera mpando wanga uzikhala pafupi ndi aphunzitsi a ng'oma.