Usiku wa ku Madurai

Ndangofika kumene kuchokera ku kachisi wa Meenakshi, mulungu wamkazi wa Ahindu, kuno ku Madurai m'dziko la India, mapazi adakali mbuu, poti nsapato ndi foni tinazisiya panja. Cha m'ma 9 koloko usiku ng'oma ndi zitoliro zinayamba kulira, utsi wa lubani uli tolotolo. Kenaka ansembe anatulukira atasenza machira otchinga ndi nsalu, wina akukupiza pambali. M'katimo munali chifanizo cha Sundareswarar, yemwe ndi mulungu Shiva, akumuperekeza kukagona kwa mkazi wake Meenakshi. Amatero usiku uliwonse, m'mamawa n'kumubwezera kumalo ake.

Mnzanga wa kuno anandinong'oneza nthano ya Meenakshi. Akuti mfumu Malayadhwaja ndi mkazi wake ankalira mwana, ndiye m'moto wa nsembe munatuluka kamtsikana ka zaka zitatu kokhala ndi mawere atatu. Anauzidwa kuti lachitatulo lidzazimirira akadzakumana ndi mwamuna wake. Mwanayo, yemwe ndi Meenakshi, anakula, nalowa ufumu, namenya nkhondo mpaka ku phiri la Kailash, ndipo atangoona Shiva berelo linazimiriradi. Mpaka lero opembedza amayamba kwa mayiyo, kwa bamboyo pambuyo. Abale, mtima unathamangira ku chikamwini cha kwathu ku Dedza!

Ife osakhala Ahindu sitiloledwa m'chipinda chopatulika, ndipo sindinadandaule. Pafupi nane panaima gogo wina, maluwa oyera m'tsitsi, manja atagwirizanitsa pachifuwa, misozi ili chuchuchu ngati akuperekeza mwana wake weniweni ku ukwati. Machira atadutsa anandigwira dzanja n'kundipatsa duwa limodzi. Ndalisunga m'buku langa.