Muvi wa manifold pressure ukamavina: wabodza ndi geji kapena injini?

Pa phunziro la kayendedwe ka mpweya mu injini ya mapisitoni, chimene ndaona kuti ambiri timachiphonya n'chakuti geji ya manifold pressure siyeza mphamvu ya injini. Imayeza presha ya mpweya umene uli m'mapaipi apakati pa throttle (chitseko chololeza mpweya kulowa mu injini) ndi masilinda, m'mainchesi a mercury. Throttle ikatsekedwa injini ikuyamwa, nambala imatsika. Ikatsegulidwa, nambala imakwera kuyandikira ya mpweya wa panja. Pa ndege za pulopela ya constant speed, monga Cessna 182, 206 ndi 210, governor, kachipangizo kosintha kapendekedwe ka pulopela, amagwira RPM (liwiro la kuzungulira kwa injini) pamalo amodzi, choncho woyendetsa amadalira gejiyi potchera mphamvu. Muvi wake ukayamba kuvina, musathamangire kuitanitsa geji yatsopano. Yambani mwadziwa ngati ikunama, kapena ikunena zoona za injini imene yadwala.

Kuyesa koyamba sikufuna sipanala. Injini ili yozima, geji iyenera kuonetsa presha ya pamalopo. M'mphepete mwa nyanja yamchere, pa tsiku la muyezo, ndi mainchesi 29.92, ndipo imatsika pafupifupi inchi imodzi pa mafiti 1,000 alionse. Bwalo la ndege la Chipata lili pa mafiti pafupifupi 3,360, ndiye muvi uyenera kuima cha pa 26.5. Ku Mfuwe, m'chigwa cha Luangwa, pa mafiti cha m'ma 1,850, uima pafupi ndi 28. Amene waloweza 29.92 wa m'buku akhoza kunyoza geji yabwinobwino pano pa Chipata. Kuti mupeze nambala ya tsikulo, tengani QNH (presha ya tsikulo yowerengeredwa pa muyezo wa nyanja, mu hPa), igaweni ndi 33.86, kenako chotsani 3.4 ya kukwera kwa Chipata. QNH ikakhala 1018, yankho ndi 26.7. Geji ikasiyana ndi nambalayi kuposa theka la inchi, kapena muvi ukadumpha mutagogoda galasi ndi chala, ikayikireni. Ponyamuka throttle ili yotsegula yonse, injini yopanda turbo imaonetsa pafupifupi inchi imodzi kutsika pa nambala ya pozima ija, chifukwa fyuluta ndi mapaipi zimadyako pang'ono.

Kenako funsani mboni zina: RPM, fuel flow (kayendedwe ka mafuta), EGT (kutentha kwa utsi wotuluka m'silinda) ndi khutu lanu. Zonsezi zikakhala phee, muvi wokha n'kumanjenjemera, vuto lili ku geji ndi kapaipi kake.

Kapaipi kameneka ndi kamene kamasokoneza anthu. Pa injini zambiri za Lycoming kamachokera pa mutu wa silinda imodzi, pamene mpweya umagunda nthawi iliyonse valuvu ikatseguka. N'chifukwa chake pamakhala restrictor, kachibowo kakang'ono kofewetsa kugundako. Wina akaika fitting wamba m'malo mwa yokhala ndi kachibowoka, muvi umanjenjemera mwaliwiro, makamaka pa idle, pamene injini ikulira throttle ili yotseka. Kachibowoka kakatsekeka ndi litsiro, zimakhala zosiyana: mukankha throttle, muvi n'kumatsatira mwaulesi. Mafuta, oilo kapena madzi zikadikha pamalo otsika a kapaipika, muvi umaima kaye kenako n'kulumpha kamodzin'kamodzi. Pochotsa zimenezi, masulani kapaipi kumbuyo kwa geji, muuzire mpweya wouma wa presha yochepa kulowera ku injini. Musauzire geji ili yolumikizidwa, chifukwa zam'kati mwake n'zofewa ndipo zimapindika. Kapaipi kakang'aluka kapena nati ikakhwefuka, geji imakokera mpweya wa panja: pa idle imaonetsa nambala yokwera, koma pa full throttle imaoneka ngati ili bwino, poti presha ya mkati ndi ya kunja zayandikana. Mng'alu umene umatseguka ndi kutsekeka injini ikamagwedezeka ndiwo umavinitsa muvi mosalongosoka. Uyang'aneni pakamwa pa kapaipi pamene nati imagwira, ndi pamene kapaipika kamakhula firewall, chikhoma cholekanitsa injini ndi mokhala anthu. Pa geji zamagetsi yang'ananinso transducer (kachipangizo kosandutsa presha kukhala uthenga wamagetsi), pulagi yake ndi waya wa ground. Nambala ikamalumpha mainchesi angapo m'kuphethira kwa diso injini osasintha kulira, ameneyo ndi waya.

Mboni zija zikamasuntha limodzi ndi muvi, geji isiyeni, tsegulani cowling, chivundikiro cha injini.

Chofala ndi mpweya wolowera pambali: gasiketi ya pakamwa pa silinda, malabala olumikiza mapaipi amene auma n'kung'aluka, klampu yokhwefuka, kapena drain valve ya pansi pa manifold imene sikutseka. Pa idle, injini yotentha yathanzi imakhala cha pa mainchesi 10 mpaka 12. Ikapitirira pamenepo, idle ili yogwedera, EGT ya silinda imodzi yasiyana ndi zinzake, ndiye kuti ikuyamwa mpweya wosayezedwa. Mafuta a ndege a 100LL ndi a buluu, ndipo amasiya utoto pamene pakudontha, choncho tochi yokha ikhoza kukusonyezani. Ikapanda kutero, uzirani mpweya waukhondo wa presha yochepa polowera mpweya, muwaze madzi a sopo pa mfundo iliyonse, muone potuluka thovu.

Muvi ukamagunda motsatira kulira kwa injini, makamaka m'mawa injini ikadali yozizira, n'kumaleka ikatentha, ganizani za valuvu yokakamira. Apa pafunika differential compression test, kupopera mpweya m'silinda pa 80 psi, n'kumvetsera: mpweya ukamamveka polowera, intake valve sikutseka. Ine ndikuona kuti ndege yotere isauluke mpaka injiniya aione ndi borescope, kakamera koonera mkati mwa silinda, ngakhale itakhala kuti "yachira" itatentha.

Governor naye amanamiziridwa kapena kuiwalika. Throttle isanasunthe, RPM ikatsika manifold pressure imakwera, RPM ikakwera iyo imatsika. Ziwirizi zikamapeperuka mosemphana, vuto ndi governor, oilo wake kapena chingwe cha pulopela. Onaninso friction lock, chomangira throttle kuti isasunthe yokha, chifukwa throttle yobwerera yokha pang'onopang'ono yazunguza anthu ambiri pachabe.

Nyengo yathu ilinso ndi zake. Fumbi la September ndi October limatseka fyuluta, ndipo nambala ya ponyamuka imaperewera. Chitseko cha alternate air, njira ina yolowera mpweya yosadzera pa fyuluta, chikamatseguka ndi kudzitseka, muvi umakwera n'kutsika. M'dzinja, pa injini ya carburettor ngati O-470 ya Cessna 182 zakale, madzi amaundana pakhosi pa carburettor ngakhale kunja kukufunda, malinga mpweya uli ndi chinyontho. RPM sisintha poti governor akuigwira, koma manifold pressure imatsika pang'onopang'ono. Kokani carb heat yonse, kuti mpweya wotentha ulowe mu carburettor: nambala itsikanso, injini igwedera pomeza madziwo, kenako muvi ukwera kupitirira pamene unali.

Pa ndege za turbo monga T210 nkhani imasintha pang'ono. Presha ya mkati ikaposa ya panja, kapaipi kong'aluka kamaonetsa nambala yotsika. Wastegate, chitseko cholamulira utsi wopita ku turbo, imayendetsedwa ndi oilo wa injini, ndipo mwaye ukaikakamiza, muvi umapitirira kenako n'kubwerera. Koma manifold pressure ikagwa mwadzidzidzi muli m'mwamba, musayambe kuganiza za geji. Mwina paipi ya utsi yaphulika ndipo moto ukuwomba mkati mwa cowling. Chepetsani mphamvu, mutere pa bwalo lapafupi, ndipo ndegeyo isanyamukenso mpaka injiniya wa laisensi ataiyang'ana ndi kusaina mu logbook.