Timiphika ta ana anga ndi kalata imene inandidyera tsiku lathunthu

Chionetsero chatha dzulo, ndipo usiku wapitawu ndagona tulo koyamba m'milungu itatu. Ndikulemba izi kuti mphunzitsi mnzanga amene adzasenze ntchitoyi chaka chamawa asadzadutse momwe ndadutsa ine.

Aphunzitsi aakulu anandiuza kumapeto kwa Seputembala kuti ana anga a Grade 2 akaonetse ntchito zamanja pa 24 Okutobala, tsiku lokumbukira ufulu wa dziko lathu la Zambia wa mu 1964, pamodzi ndi masukulu ena a kuno ku Chipata. Ana 52, ndalama ya utoto palibe. Tinasankha dongo.

Musakumbe dothi la pabwalo la sukulu, silimata. Funsani amene amaumba mbiya. Ife anatitsogolera ndi agogo a mwana wina wa m'kalasi, mpaka kudambo kumene iwo amakumba. Dongolo mulinyike masiku awiri, muchotsemo timiyala ndi mizu, kenako musakanize ndi mapale osinja kuti lisaphulike pamoto. Ana anaumba timiphika, ng'ombe, nkhuku, wina mpaka mtondo ndi munsi wake. Pochoka agogowo anandigwira dzanja nati, "Aphunzitsi, izi ziumire pamthunzi. Musazionetse dzuwa." Tinaziyala pansi m'kona ya kalasi n'kufunditsa masaka.

Tsopano kalata. Ana satuluka pasukulu popanda chilolezo, zimenezo ndikugwirizana nazo, ndi ana a eni. Lachiwiri ndinasiyira mnzanga kalasi, ndinakwera njinga yolipira, 08:00 ndinali nditafika kale pa ofesi ina m'tauni. Amayi a pakhomo anayang'ana kalatayo pamwamba chabe nati, "Amadamu, khalani pabenchi, osayina atuluka pang'ono." Ndinakhala. 10:00 inakwana, 12:00 inakwana, anthu anapita kukadya nkhomaliro, ine pabenchi pomwepo ndi njala yanga poopa kuti ndikasuntha abwanawo adutsa. Cha m'ma 14:30 anafika, anawerenga mizere iwiri, n'kundibwezera: palibe mndandanda wa mayina a ana, palibe makalata ovomereza a makolo. Nanga amayi aja, amene anaigwira kalatayo m'mawa, analephera bwanji kundiuza? Mawu asanu okha akanandipulumutsa. Mndandandawo ndinali nawo m'foni, koma pofika kosindikizira ndinapeza magetsi atazima. Ndalama ya njinga kupita ndi kubwera inatuluka m'thumba langa, kawiri, chifukwa Lachinayi ndinabwereranso. Tsiku limenelo kusayina ndi kudinda sikunatenge ndi mphindi zisanu zomwe.

Choncho nyamulani zonse ulendo umodzi: kalata ya aphunzitsi aakulu, mayina a ana, zovomereza za makolo, chilichonse makope awiri. Ndipo funsani pakhomo pomwepo ngati zakwanira musanakhale pabenchi.

Chimene chinandiliza si njala ya pabenchi ayi. Lachiwiri lomwelo, ine kulibe, ana anaona kuti zoumba zawo zikuchedwa kuuma, anazitulutsa panja. Dzuwa la Okutobala mukulidziwa. Kunja kumauma msanga m'kati muli mwamadzi, ndiye dongo limang'aluka. Ndinapeza timiphika 19 titasweka, ng'ombe zitathothoka miyendo ndi nyanga. Kamtsikana kena, kamene sikalankhula kawirikawiri m'kalasi, kanali katagwira zidutswa za ng'ombe yake m'manja, osafuna kuzitaya. Sindinakalipire aliyense, anafuna kuthandiza. Koma ndikanakhalapo sizikanachitika. Pamthunzi, anzanga, pamthunzi. Uzaninso ndi amene mukumusiyira kalasi.

Ndaiwala za mbendera, zomwe tinayamba dongo lisanabwere n'komwe. Pitani kwa atelala a mumsika wa Kapata mukapemphe tizidutswa ta nsalu timene amasesa madzulo. Ambiri amapereka ndi mtima umodzi akamva kuti n'za ana. Sankhani tobiriwira tambiri, chifukwa mbendera yathu mbali yaikulu ndi yobiriwira, kenako tofiira, takuda ndi ta olenji ta mizere itatu ija. Nkhwazi ya pamwamba pa mizereyo ndinadula ndekha pa katoni. Guluu sitinagule: phala lopyapyala la ufa wa chinangwa limamata nsalu pa katoni bwinobwino, koma phikani longokwanira tsiku limenelo, likagona limasasa. Maseche tinapanga ndi zitsekero za mabotolo. Kuphwanthaza ndi kuboola ndi msomali ndi ntchito yanu inu akulu, ana angotunga pa waya.

Tinaumbanso Lachitatu, zing'onozing'ono ndi zopyapyala kuti ziume m'sabata imodzi. Chokhuthala ngati chibakera chimasunga madzi m'kati ndipo chimaphulika pamoto. Kuwotcha tinachitira kwa agogo aja madzulo mphepo itadekha: kadzenje kosaya, makungwa ouma pansi ndi pamwamba, udzu woyatsira, ana ali patali. Osafukula usiku womwewo, dikirani phulusa lizizire mpaka m'mawa. Zinatuluka zofiirira, zina ndi mawanga akuda a utsi, zokongola moti utoto sitinaufunenso.

Ponyamula, yalani udzu m'dengu, chilichonse mukulunge pachokha ndi nyuzipepala yakale, ndipo dengulo likhale pamiyendo panu, osati kumbuyo kwa njinga. Palibe chinasweka m'njira.

Kamtsikana kaja kanaima pafupi ndi tebulo tsiku lonse, aliyense wodutsa kankamuloza ng'ombe yake yatsopano. Madzulo kanapempha kuti kapite nayo kunyumba, ndinakakulungira mu nsalu yotsala ya chitenge. Dongo lotsala lili kwa agogo, lofundira masamba a nthochi, ndipo la chaka chamawa tidzaumba sukulu ikangotsegulira mu Seputembala, kalata itadindidwa kale.