Mmene ndinasankhira kapeti ya pabalaza kuno ku Salima

Kapeti ya kuno ku Salima siisankhidwa ngati ya ku Dedza kapena ku Mzuzu komwe munthu amafuna pofunda poponda m'mawa. Ife kuno nkhani ndi kutentha, mchenga ndi fumbi, nde musanatengeke ndi zithunzi za pa Facebook za makapeti oyera mbee a ubweya wautali aja, imvani kaye mmene ine ndinayendera, mwina zikuthandizani kuti ndalama yanu isapite pachabe.

Ndinayambira pansi penipenipo. Nyumba yomwe timachita lendi ili chakufupi ndi Kamuzu Road, pansi pake ndi simenti yofiira ija timapaka polishi, ndipo a landilodi anali atangotsira kumene simenti yatsopano mbali imodzi ya pabalaza pomwe panali ming'alu. Simenti yatsopano imaoneka youma pamwamba koma mkati imakhala ikutulutsabe chinyezi, mukayalapo kapeti msanga imayamba kununkha chuku. Mmisiri yemwe anagwira ntchitoyo ndi amene anandiuza zochita, anati mayi tengani pepala la pulasitiki, muliyale pansi, mumate m'mbali monse ndi selotepi, mulisiye tsiku lonse ndi usiku womwe. Mukalichotsa nkupeza timadontho tamadzi kunsi kwake kapena simenti yada pamenepo, dikirani kaye. Kwathu panadetsedwa ndithu, nde tinadikira mpaka pomwe pepala linatuluka louma.

Nthawi yodikirayo ndi yomwe tinakambirana ndi bambo akunyumba kuti tikufuna kapeti yamtundu wanji. Iwo amafuna yodzadza chipinda chonse khoma mpaka khoma, yomata ndi guluu ngati ya mu ofesi. Ine ndinakana, ndipo mpaka pano ndimaona kuti pamenepa ndi pomwe pagona nkhani yonse. Ana akapita ku Senga Bay olo kungosewera panja pompa amabwera ndi mchenga kumapazi, mwera ukayamba kuomba cha mu Juni mpaka Ogasiti fumbi limalowa olo mutatseka mawindo, nde mchenga umenewo umalowa mpaka kunsi kwa ulusi nkumaudula pang'onopang'ono anthu akamaponda. Kapeti yomata simungaitulutse kukaikung'untha, imafuna huva, makina okoka fumbi aja, huva imafuna magetsi, komanso tsiku losamuka mumaisiya momwemo poti nyumba ndi ya eni. Mwana wathu wamng'ono ali ndi chifuwa cha mphumu, fumbi lokhazikika m'nyumba sindingalilole. Ya pulasitiki yogulitsa pa mita ija ndi yotchipa ndipo imakolopeka bwino, kukhitchini ndi yabwino, koma pabalaza pamene mipando imakokedwakokedwa imang'ambika msanga, ndipo madzi akalowa kunsi kwake sauma. Tinagwirizana kuti tigule yoyala pakati basi, yoti munthu mmodzi atha kuikulunga nkuitulutsa panja.

Kenaka kuyeza. Apa musadalire maso chonde, mu shopu kapeti imaoneka yaikulu chifukwa amaipachika pakhoma. Pabalaza pathu ndi mamita 4 mulitali, 3 ndi theka mulifupi. Makapeti ambiri opangidwa pa makina amabwera m'masaizi odziwika, 120 kwa 170, 160 kwa 230, ndi 200 kwa 290 kapena 300, onsewo ndi masentimita. Ndinatenga choko cha ana nkujambula pansi saizi iliyonse mipando ili m'malo mwake. Ya 120 kwa 170 imangokwana tebulo la pakati, munthu ukakhala pa sofa mapazi ali pa simenti, nde phindu lake palibe. Ya 160 kwa 230 inali pafupi koma sofa yachitatu imatsala kunja. Ya 200 kwa 290 ndi yomwe inalola kuti miyendo yakutsogolo ya masofa onse iponde pa kapeti, nkutsalabe malo pafupifupi theka la mita kapena kuposerapo kufika kukhoma oti polishi wofiira uja azioneka komanso tsache lizidutsa. Miyendo ya sofa ikaponda, kapeti siyendayenda. Ndinayezanso mpata wa kunsi kwa chitseko ndi chala, chifukwa chitseko chathu chimatsegukira mkati ndipo chimadutsa pakona ya pomwe ndinajambula, kapeti yokhuthala ikanamachigwira.

Za mtundu sindinavutike nazo. Masofa athu ndi abulauni, makatani ali ndi maluwa kale, ndiye kapeti yamaluwanso ikanasokoneza maso. Ndinajambula pabalaza pa foni masana, nkutenga kansalu kotsala ka makatani kuika mchikwama. Ndimafuna mtundu wapakatikati wosakanikira, wonga mchenga womwewo ndi timizere takuda pang'ono. Yoyera kwambiri imaonetsa tiyi aliyense wotayika, yakuda bii nayonso imaonetsa fumbi ndi nyenyeswa zonse.

Ndinazungulira kaye mashopu a pa boma pano. Zilipo, koma zambiri ndi zapulasitiki ndi timakapeti tating'ono ta pakhomo, saizi yaikulu inapezeka ya ubweya wautali yokha. Ndiye ndinakwera ya ku Lilongwe, ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 100 pamsewu wa M14, nkukatsikira ku depoti kuti ndiyende mashopu a ku Area 2 ndi ku Malangalanga. Mitengo sindilemba pano chifukwa chichokereni pomwe kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 katundu wochokera kunja sakhala pamtengo umodzi nthawi yaitali, inu mukafunse m'mashopu angapo musanatulutse ndalama, ndipo muwerengeretu thiransipoti yanu ndi ya kapetiyo.

Mu shopu chinthu choyamba ndi kutembenuza kapeti nkuwerenga lebulo ya kumbuyo. Ambiri mupeza alembapo polypropylene, ena polyester, ochepa ndi a ubweya wa nkhosa. Ya nkhosa ndi yolimba komanso yofewa koma ndi yodula, imamwa chinyezi, imachedwa kuuma ndipo njenjete zimaikonda. Polyester ndi ija imawala bwino, makamaka ya ubweya wautali, koma imagona msanga pomwe anthu amaponda kwambiri. Polypropylene ndi ulusi wa pulasitiki, siumwa madzi, nde zotayikira zambiri zimachoka ndi sopo ndipo imauma changu, vuto lake lalikulu ndi moto, khala limodzi lochokera pa mbaula kapena ayironi yotentha imasungunula pomwepo. Kwa nyumba ya ana kunyanja kuno ine ndinaona kuti imeneyi ndiye yoyenera.

Mnyamata wogulitsa anayesetsa ndithu kundikokera ku ya ubweya wautali, amvekere "mayi iyi ndiye ili mu fasho, aliyense akutenga imeneyi." Ndinati "achimwene, ine ndimakhala ku Salima, mu Okutobala mwana angagone pamenepa? Nanga mchenga ukalowa umu ndiuchotsa bwanji?" Anaseka nkunditsitsira za ulusi waufupi, wosafika sentimita imodzi.

Ndinaziyesa motere. Kupinda kona chakumbuyo kuti ulusi utseguke, mukaona nsalu ya kunsi ikuonekera mosavuta ndiye kuti ulusi ndi wapatalipatali, siichedwa kutha. Ziwiri zinagwera pamenepa olo zinali zokongola. Kenaka kukanikiza ndi chala chachikulu nkuona ngati ulusi ukudzukanso. Kenaka kukhutiza ndi kampango koyera konyowa pang'ono, ndinachita kupempha kaye, kuti ndione ngati utoto ukutuluka kapena ulusi ukusosoka. Kumphepete nako muyang'ane, msoko ukhale wothinana mbali zonse zinayi chifukwa kapeti imayambira kumeneko kumasuka. Pomaliza ndinapempha kuti tiitulutse pakhomo pa shopu ndiione ndi kuwala kwa dzuwa pamodzi ndi kansalu kanga kaja, magetsi a mu shopu amasintha mtundu, ndipo ndinaiyeza ndekha ndi tepi yanga. Mtengo tinanenerera bwinobwino, anachotsako, risiti ndinatenga.

Za pa kaunjika ndinazionanso, zina ndi zolimba kuposa zatsopano, ndipo ngati ndalama yachepa musachite nazo manyazi. Koma muinunkhize, muyang'ane m'misoko ngati mulibe nsikidzi kapena timadontho takuda tomwe zimasiya, ndipo isalowe m'nyumba musanaichape nkuiyanika padzuwa mpaka iume gwa.

Ponyamula musalole kuti aipinde ngati bulangete, kunsi kwake kumathyoka ndipo mzerewo sutha. Aikulunge ubweya uli mkati, amange ndi chingwe, aikute ndi pulasitiki. Kondakitala wa minibasi anailipiritsa payokha, ndinamupempha kuti asasanjikepo matumba olemera, ndipo titafika ku Salima wakabaza anaimanga chopingasa kumbuyo ine nkukwera ina kumatsatira.

Kunyumba sindinaiyale tsiku lomwelo. Kapeti yatsopano imakhala ndi kafungo ka kufakitale, nde inakhala kaye pakhonde pamthunzi kuti ipitidwe mphepo chifukwa cha mwana uja. Pomwe pakhale kapeti ndinakolopa ndi madzi a sopo osapakanso polishi, polishi amatereretsa. Makona omwe anali opindika ndinawatsamiza ndi mabuku ndi ndowa ya madzi mpaka anagona. Mbali yomwe siinapondedwe ndi sofa ndinaika kunsi kwake kamphira kopyapyala koletsa kuterera, poti apongozi amabwera kawirikawiri ndipo amayenda ndi ndodo.

Pakhomo ndinaikapo chopondera cha khonje kuti mchenga uzitsala pamenepo, nsapato zimavulidwa pakhonde. Kukhonde ndi kuchipinda sindinagule kapeti ayi, ndinayala mkeka wa mlaza womwe ndinagula kwa amayi ena oluka m'mbali mwa msewu wopita ku Senga Bay, ndipo kunena zoona nthawi yotentha aliyense amathawira pamkekapo chifukwa umazizira bwino. Ungofunika kuunyamula pafupipafupi kuona ngati chiswe sichinayambe kunsi.

Kasamalidwe kake ndi kosavuta. Timasesa ndi bulashi yofewa motsatira komwe ulusi wagonera, Loweruka timaitulutsa nkuipachika pachingwe chokhuthala kuikung'untha chakumbuyo, osaisiya padzuwa la masana nthawi yaitali kuopa kusuluka. Tiyi akatayika timathira madzi pang'ono nkumakanikiza ndi nsalu youma, osakhula. Pakapita miyezi ingapo timaitembenuza mbali ya kukhomo ipite kumtunda kuti isathe mbali imodzi, ndipo mvula ikayamba mu Disembala ndimaikweza makona sabata iliyonse kugwira simenti ngati siikuchita thukuta. Mbaula ndi ayironi pabalaza ndinaletseratu.